Kavalo wasiya kudya, nkhama zachita chikasu: ndimubaye mankhwala a ng'ombe kapena ndidikire dokotala?

Wapakhola_Thondwe analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndimagwira ntchito pa famu ina kuno ku Thondwe, mukapatuka pamsewu wa Blantyre kutsikira kumunsi. Ntchito yanga yeniyeni ndi ya ng'ombe zamkaka, koma abwana atagula akavalo atatu anati ndiziwayang'aniranso ineyo poti nyumba yanga ndi imene yayandikana ndi khola. Awiri ndi amphongo ofula, mmodzi ndi wamkazi wofiirira, timamutcha Duwa. Ameneyu ndi amene wandisowetsa tulo.

Kuyambira dzana Duwa sakudya. Madeya amene amawathamangira akangomva chidebe chikulira, pano akungowanunkhiza n'kutembenuka. Udzu akubudula pang'ono, kenako n'kuima mutu uli pansi, makutu ali lende. Ndinatenga themometa imene timayezera ng'ombe, dzulo madzulo inawerenga 40.3, lero m'mawa 39.8. Nditatukula mlomo wam'mwamba ndapeza nkhama sizikufanana ndi za anzake, zayezuka ndipo zikupita kuchikasu. M'kati mwa zikope chimodzimodzi. Mkodzo wada, ukuoneka wofiira modera. Ndowe zikutuluka ndithu koma zochepa, zouma, timibulu ting'onoting'ono.

Mvula ya chaka chino mukuidziwa nokha. Msipu watalika mpaka m'chiuno, ndipo akavalowa masana amadya m'mbali mwa dambo momwe mumadutsanso ng'ombe za anthu a m'mudzi. Nkhupakupa ndiye musakambe.

Abwana ali ku Johannesburg, uthenga amayankha usiku. Mnzanga woweta ng'ombe wabwera kudzamuona Duwa, akuti awa ndi matenda a nkhupakupa basi, ndisungunule paketi ya Berenil ndimubaye, ndionjezere Oxy LA, kenako ndimusambitse dibi amene timapopera ng'ombe. Zonsezi ndili nazo m'sitolo. Ndinafunsanso wogulitsa mankhwala a ziweto pa shopu ina m'tauni, iye anangoti nyama ndi nyama. Koma dzanja langa likukana. Ng'ombe ndimazibaya mosaopa, uyu ndi wina.

Ndiye ndifunse. Matenda amenewa angakhale chiyani? Kuno ku Zomba munthu woyeza kavalo ndingamupeze kuti, ndipo magazi amakayezera kuti? Nanga usiku uno ndichite chiyani kuti kuche ali moyo?

Mlangizi_wopuma (Chinamwali) anayankha:

Achimwene, choyamba bwezerani Berenil, Oxy LA ndi dibiyo m'sitolo, mukhome, kiyi muike m'thumba. Dzanja lanulo lakana bwino. Ine ndinaphunzira ku Mikolongwe, ndagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto mpaka kupuma. Akavalo amene ndawagwira ndi ochepa kuyerekeza ndi ng'ombe, koma zimene zimawapha msanga ndikuzidziwa, ndipo ziwiri mwa izo zili m'sitolo mwanumo.

Ndiyambe ndi dibi, poti ndi amene anthu amamuona ngati wosaopsa. Tengani botololo muwerenge pamene alemba mankhwala amene ali m'katimo. Mukaona mawu akuti amitraz, ameneyo asakhudze kavalo ngakhale dontho. Madibi odziwika a ng'ombe monga Triatix ndi Taktic ndi amitraz. Ng'ombe imapirira, kavalo ayi. Mankhwalawa amalowa pakhungu n'kukaimitsa matumbo: kavalo amayamba kuwodzera, kudzandira, ndowe zimasiya kutuluka, mimba n'kutsekeka. Duwa wanuyo mwanena nokha kuti ndowe zauma kale, ndiye mukadamusambitsa mukadamumaliza. Musadalire dzina la kunja kwa botolo, chifukwa alipo madibi osakaniza, dzina lina koma m'kati muli amitraz. A nkhupakupa pa kavalo timasankha a gulu la cypermethrin kapena deltamethrin, ndipo pa botolo pazilembedwa kuti ndi oyeneranso akavalo.

Berenil pa ng'ombe ndi mnzathu, amachiza kaodzera ndi matenda a mkodzo wofiira. Pa kavalo malire a mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza ndi oyandikana kwambiri. Amatupitsa pobayapo, angathe kuwononga impso, angathenso kufika kuubongo. Alipo madokotala amene amamugwiritsa ntchito pa kavalo akasowa china, koma atadziwa kulemera kwa nyamayo komanso matenda amene akulimbana nawo. Inu simukudziwa zonse ziwiri. Oxy LA nayenso anapangidwira mnofu wa ng'ombe. Pakhosi pa kavalo amasiya chotupa chowawa, ndipo angasokoneze tizilombo tothandiza ta m'matumbo mpaka kavalo kutsekula m'mimba koopsa.

Tsono za matendawo. Mnzanuyo pa dzina la matenda mwina walondola, walakwitsa ndi mankhwala. Kutentha thupi kufika 40, nkhama zoyezuka zopita kuchikasu, mkodzo wakuda, nyengo ya nkhupakupa, zonsezi zikuloza ku malungo a nkhupakupa amene madokotala amawatcha biliary kapena piroplasmosis. Amayamba ndi tizilombo timene nkhupakupa imalavulira m'magazi poyamwa. Tizilomboto timalowa m'maselo ofiira n'kumawaswa, monga muja malungo amachitira mwa munthu. Magazi akachepa nkhama zimayezuka, ndipo zotsalira za maselo oswekawo ndi zimene zimabweretsa chikasu ndi kuda kwa mkodzo.

Koma sindikulumbira, chifukwa alipo ena ofanana nawo. Kaodzera wofalitsidwa ndi kashembe amachepetsanso magazi n'kutenthetsa thupi, ndiye ndikufunseni: kodi akavalowa anapitako mbali ya Liwonde kapena kufupi ndi Shire miyezi yapitayi? Chiwindi chikaonongeka ndi zomera zapoizoni chikasu chimabweranso. Palinso matenda ena a akavalo okhaokha amene amayamba ndi kutentha thupi basi. Pachifukwa ichi magazi atengedwe kaye mankhwala asanalowe. Mukabaya kaye, tizilombo timachepa m'magazi, woyeza n'kupeza palibe kanthu pomwe nyama ikudwala.

Kumene mungathamangire mawa m'mamawa ndi ku EPA (ofesi ya alangizi a zaulimi) ya Thondwe, mukafunse mlangizi wa ziweto wa dera lanu. Mukamuphonya, pitani ku ofesi ya zaulimi ya boma m'tauni. Mlangizi angathe kuboola kunsonga kwa khutu, kupaka dontho la magazi pakagalasi, komanso kutenga ena pamtsempha wa pakhosi m'kabotolo ka chivindikiro chapepo. Labotale za boma za ziweto zili ku Blantyre ndi ku Mzuzu, yaikulu ili ku Lilongwe. Madokotala oyima paokha amene anazolowera akavalo ambiri ali ku Blantyre ndi Lilongwe, ndipo kuchoka ku Blantyre kufika pa Thondwe pagalimoto ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Auzeni abwana usiku womwe uno kuti avomere mafuta a dokotala. Nawonso ayenera kuti ali ndi nambala ya amene anawagulitsa akavalowo, ndipo wogulitsa kavalo salephera kudziwa dokotala wake.

Usiku uno chitani izi. Pezani kope. Madzulo, pakati pa usiku ndi m'mawa muzilemba zinthu zitatu. Kutentha kwa thupi, kumene kwa kavalo wabwinobwino kumakhala 37.5 mpaka 38.5. Kugunda kwa mtima: ikani zala pansi pa chibwano, m'mphepete mwa fupa cha kumbuyo, mupeza mtsempha ukuseweraseweta pansi pa khungu, werengani masekondi 15 muchulukitse kanayi. Wabwinobwino amagunda ka 28 mpaka 44 pa mphindi. Kupuma, poyang'ana nthiti, ka 8 mpaka 16 pa mphindi. Dokotala mukamuwerengera manambala amenewa pafoni amadziwa ngati anyamuke pompo kapena angathe kudikira kucha, komanso mankhwala oti anyamule.

Madzi oyera akhale pafupi nthawi zonse, kavalo wamkulu amamwa malita 25 kapena kupitirira pa tsiku, ndipo muzionetsetsa kuti wamwa ochuluka bwanji. Madeya muchotse kaye, muzimupatsa udzu wauwisi wofewa kuti ndowe zifewe. Asakwere munthu, asayendetsedwe mtunda. Nkhupakupa muchotse ndi manja: tukulani mchira muyang'ane kuzungulira kotulukira ndowe, kumene kumakonda zija za miyendo yofiira, kenako m'makutu, pakati pa ntchafu ndi pabere.

Musamumwetse chilichonse ndi botolo monga timachitira ndi ng'ombe, kaya mafuta ophikira, kaya mankhwala achikuda. Zikalowa kunjira ya mpweya zimathera m'mapapo. Kumbukiraninso kuti kavalo sasanza, chimene chalowa m'mimba chilibe njira yobwerera. Mukaona akupalasa pansi ndi phazi, akucheukira kumimba, akugona n'kudzuka, akugubuduka, thukuta lili kamukamu, kapena mtima wapitirira 60, musadikire kucha, imbani foni.

Chomaliza, muyezeni kulemera, popeza mankhwala ake amatsata makilogalamu. Sikelo mulibe, koma tepi ya atelala ikwana. Zungulizani pachifuwa kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo, kenako yezani kutalika kuchokera pansonga ya phewa kufika pansonga ya thako, zonse m'masentimita. Chulukitsani ya pachifuwa ndi ya pachifuwa yomweyo, muchulukitsenso ndi kutalika, mugawe ndi 11,877. Mwachitsanzo pachifuwa 180, kutalika 160, mupeza makilogalamu pafupifupi 436. Mlingo wa mankhwala sindilemba pano mwadala, ndikudziwa kuti pagulu pano pali manja oyabwa.

Wapakhola_Thondwe anayankha:

Zikomo kwambiri madala. Botolo la dibi ndawerenga, alembadi amitraz. Ku Liwonde sanapiteko, chibwerereni sanatulukepo pafamu. Mtima ndapeza 52, kupuma 20. Abwana ndawatumizira zonse mwalembazi.

Mayi_wa_kuphiri anayankha:

Pepani ndalowa mochedwa. Bambo a ku Chinamwali anena zomveka, ine ndingokhala pa chimodzi chimene angochidutsa, chifukwa ndi chimene chinkatiopsa kuposa nkhupakupa. Ndinagwirapo ntchito m'khola la akavalo okweza alendo pamwamba pa phiri la Zomba, aja ankayenda nawo m'nkhalango ya paini mpaka kumadamu.

Achimwene a ku Thondwe, tengani tochi mupite mukamuyang'ane Duwa pamwamba pa maso. Kavalo aliyense ali ndi kadzenje pamwamba pa diso lililonse. Ngati timaenje timeneti tadzaza n'kutupa, kapena zikope, masaya ndi khosi zatupa, nkhani yasintha. Amenewo angakhale matenda otchedwa African horse sickness. Ali ndi nkhope ziwiri. Ina ndi imeneyi yotupitsa mutu, imene imagwira mtima ndipo imayenda pang'onopang'ono. Inayo imagwira mapapo: kavalo amapuma movutikira, miyendo atatangadza, khosi atatambasula, akutsokomola, kenako thovu limatuluka m'mphuno. Yamapapoyi imatha kupha tsiku lomwelo, ndipo mwa akavalo khumi oigwira opulumuka mwina ndi mmodzi. Mankhwala ochiza palibe. Chimene chimathandiza ndi kumusiya apume, osamuyendetsa n'komwe, ndipo matendawa ndi oyenera kukanena kuboma.

Sapatsirana pokhudzana ayi. Amafalitsa ndi tizilombo touluka ting'onoting'ono kuposa udzudzu, timene timaswana m'dothi lonyowa losakanikirana ndi ndowe, ndipo timaluma kuyambira dzuwa likamalowa mpaka litatuluka m'mawa. Pamwamba pa phiri kumazizira, timachepako. Kwanu kumunsiko, kofunda, dambo lili pafupi, miyezi ino mpaka cha mu Meyi ndiyo nyengo yake. Ife lamulo linali lakuti dzuwa likamapendeka akavalo onse alowe m'khola, ndipo m'mawa asatuluke mpaka mame atauma. Mazenera tinkatchinga ndi neti ija yothinana ya kunazale titaipopera mankhwala, chifukwa neti ya udzudzu wamba tizilomboti timadutsa m'mabowo ake. Mbidzi zimasunga kachilombo koyambitsa matendawa osadwala, abulu nawo amadwala pang'ono chabe, ndiye kuona bulu wa neba ali gwa sikutanthauza kuti dera lanu ndi labwino.

Katemera alipo, amapangidwa ku Onderstepoort ku South Africa. Kachilomboka kali ndi mitundu 9, ndiye katemerayo amabwera m'mabotolo awiri, loyamba ndi lachiwiri, ndipo pakati pake pazidutsa masabata osachepera atatu. Amafuna kuzizira kuchokera kofumira mpaka pobaya. Amabayidwa chaka ndi chaka nthawi yozizira tizilombo tija tisanachuluke. Ku South Africa anaika kuti azibaya kuyambira pa 1 Juni mpaka pa 31 Okutobala, ife tinkabaya Juni ndi Julaye. Pano si nthawi yake, komanso kavalo wodwala sabayidwa katemera.

Afunseni abwana anu ngati akavalowa anabwera ndi makadi a katemera. Pakadipo muyang'anenso kafumbata ndi chiwewe. Kavalo kafumbata amamugwira mosavuta kuposa ziweto zina, msomali umodzi kuphazi wakwana. Chiwewe ndiye mukudziwa kuchuluka kwa agalu oyendayenda m'midzi yathuyi.

Mwa zimene mwafotokoza, chikasu ndi mkodzowo, inenso mtima wanga uli kumbali ya nkhupakupa. Koma kayang'aneni maso.

Wangolo_wa_ku_Jali anayankha:

Inu anthu ophunzira mumaopseza. Ine ndili ndi abulu awiri, amakoka ngolo ya njerwa, nthawi yokolola amatuta mpunga kuchokera kumadambo a ku Chilwa. Mmodzi anadwalapo chonchi, ndinamubaya Berenil yemweyo, lero akukoka ngolo. Dokotala wa ku Blantyre mafuta ake okha ndi mtengo wa bulu wanga wathunthu. Mnyamatayu ali ndi mwayi poti abwana ake ali ku Joni, atumiza. Nanga ife? Tizingoyang'ana nyama ikufa mankhwala ali m'thumba, ati tikudikira kagalasi?

Mlangizi_wopuma (Chinamwali) anayankha:

Bambo a ku Jali, za ndalamazo mwanena zoona, sindikutsutsani. Ine ntchito yanga yonse ndagwira ndi anthu ngati inu, osati ndi mabwana a akavalo. Koma bulu wanuyo anachira mwamwayi, ndipo mwayi umenewo musauyesenso. Bulu amagwa ndi Berenil mosavuta kuposa kavalo amene: amayamba kudzandira, kuzungulira, kugwa, pakutha masiku awiri kapena atatu chibayireni, eni ake n'kumati matenda ndiwo amupha. Ngakhale mankhwala enieni a malungo a nkhupakupa, pa bulu timachepetsa mlingo chifukwa chiwindi chake sichipirira.

Ndipo sindinati aliyense aitane wa ku Blantyre. Kagalasi ndi chinthu chotchipa pa zonse tatchulazi. Mlangizi wa dera lanu amabwera pa njinga yamoto, mafuta ake simungafanizire ndi a galimoto yochokera ku Blantyre. Iye akaona nkhama, akayeza kutentha, akayerekeza kulemera, ngakhale atati abaye, abaya mlingo wa bulu osati wa ng'ombe.

Poti mwabwera, ndikuuzeni china cha abulu. Bulu amabisa matenda. Kavalo mimba ikamupweteka amagubuduka mudzi wonse n'kudziwa, bulu amangoima phee, mphuno ili m'udzu ngati akudya pomwe sakumeza. Bulu akasiya kudya, thupi limatulutsa mafuta ambiri n'kudzaza m'magazi, ndipo zimenezi zokha zimapha. Mukaona wasiya kudya tsiku lathunthu musamuyembekeze.

Wophunzira_ku_Bunda anayankha:

Ndapereka ulemu kwa madala ndi amayi, anena zambiri zimene ife tikuziona m'mabuku okha. Ndine wa kwathu ku Domasi, ndikuphunzira udokotala wa ziweto ku LUANAR. Sukulu yathu inatulutsa madokotala oyamba ophunzira konkuno mu 2019, kale onse ankakaphunzira kunja, ndiye musadabwe kuti odziwa akavalo ndi owerengeka.

Achimwene, ndikuuzeni zimene zichitike ndi kagalasiko kuti musadzadabwe. Amakaumitsa, kukapaka utoto wa Giemsa, n'kuyang'ana pa maikulosikopu. Tizilombo ta matendawa ndi ta mitundu iwiri. Babesia caballi ndi wamkulupo, amaoneka awiriawiri m'selo lofiira. Theileria equi ndi wamng'ono, nthawi zina amaoneka anayi atapanga kamtanda. Kusiyanitsa kuli ndi phindu. Woyambayo mankhwala amamutha msanga. Wachiwiriyu ndi wouma mutu, kavalo amachira koma kawirikawiri amakhala nako kachilomboka moyo wake wonse, ndipo akatopa kwambiri, akayenda ulendo wautali kapena akadwala china, matenda angathe kubwerera. Komanso akakuuzani kuti pakagalasi sanapeze kanthu, sindiye kuti matenda palibe. Babesia caballi amakhala m'maselo ochepa zedi, osakwana limodzi pa 100, moti woyeza amatha kumuphonya. Dokotala amaphatikiza kagalasi, zimene akuona pa nyamayo, ndi muyeso wa kuchuluka kwa maselo ofiira wotchedwa PCV. Kavalo wabwino amakhala pamwamba pa 30. Magazi a m'kabotolo muwasunge pozizira, koma asaume kukhala ayezi.

Mankhwala ake ndi imidocarb, m'mashopu amadziwika ndi maina ngati Imizol kapena Forray 65. Si mankhwala ofatsa. Akabaya, kavalo amatha kutuluka thukuta, kuchucha dovu, kumva kupotokola m'mimba ngakhale kutsekula. N'chifukwa chake dokotala amayamba wabaya Buscopan, woletsa kupotokola m'mimba, kapena wina wonga ameneyo, ndipo sachoka msanga akabaya. Wina akakupatsani Finadyne kuti mutsitse kutentha, musabaye dokotala asanafike, chifukwa amabisa zizindikiro. Pa kavalo amalowera mumtsempha kapena pakamwa, mumnofu angayambitse chilonda chowola choopsa.

Tsono ine chandigwira mtima ndi madeya mwatchulawo. Nyengo ino ya chinyezi, kanunkhizeni thumbalo. Chimanga kapena madeya achuku amakhala ndi poizoni wotchedwa fumonisin, ndipo pa ziweto zonse kavalo ndi amene amagwa naye msanga. Amafewetsa ubongo: kavalo amayenda mozungulira, amatsamiritsa mutu kukhoma, amachita khungu, ndipo akafika pamenepo sabwerera. Nthawi zina amagwira chiwindi n'kubweretsa chikasu. Ng'ombe zanu zingadye madeya omwewo osaonetsa kanthu. Musamupatsenso chakudya chogula cha nkhuku kapena cha ng'ombe, chifukwa china amathiramo monensin, amene amawononga mtima wa kavalo ngakhale atadya pang'ono. Ngakhale madeya abwino asachuluke: kavalo akakhuta chimanga ziboda zimatentha m'kati, amaima atatsamira kumbuyo, kuyenda kumakanika. Chakudya chake chenicheni ndi udzu, madeya ndi ongowonjezera.

Wapakhola_Thondwe anayankha:

Akuluakulu ndabwera ndi lipoti. Usiku uja amayi atalemba ndinapita ndi tochi, timaenje ta pamwamba pa maso tinali bwinobwino, m'mphuno mouma. Ndinagonako pang'ono.

M'mawa alangizi athu anabwera pa njinga yamoto, anatenga magazi kukhutu ndi pakhosi. Abwana nawo anali atalankhula kale ndi dokotala wina wa ku Blantyre, mayi, amene anafika dzuwa lili pamutu ali ndi maikulosikopu yake m'galimoto. Anayeza pakhonde la sitolo pomwepo. Anandiitana kuti ndisuzumire, ine ndinangoona timadontho, koma iwo anati ndi kakang'ono kaja achimwene a ku Bunda anati n'kouma mutu. PCV inali 21. Kope langa la manambala analiwerenga lonse, ndipo kulemera kumene ndinapeza ndi tepi, 410, ndi kumene anagwiritsa ntchito.

Anabaya kaye wa m'mimba, kenako imidocarb. Zimene munanena zinachitikadi, Duwa anatuluka thukuta thupi lonse, akuponda uku ndi uku, ine mtima uli m'mwamba, dokotala ali phee akumwa tiyi. Patapita kanthawi zinatha. Anati majakisoni otsalawo azibaya alangizi athu, motalikitsa masiku atatu atatu, ndipo anawalembera mlingo papepala.

Pamene ndikulemba pano kutentha kuli pa 38.2, mtima 40, mkodzo wayamba kuyera. Akudya nsenjere zanthete, ndowe zafewa. Nkhama zikadali zoyezuka, dokotala akuti magazi amabwerera pang'onopang'ono, ndipo kwa mwezi wathunthu kapena kupitirira asakwere munthu. Amphongo awiri aja anawayezanso, alibe vuto, koma m'makutu munali nkhupakupa zosawerengeka. Anasiya mankhwala opopera olembedwa akavalo, ndipo dibi wa ng'ombe tsopano akukhala m'chipinda china ndi pampu yake, poti anati ngakhale pampu isakhale imodzi. Thumba limodzi la madeya linali litagwirana pansi, lachuku, ndakwirira. Msipu wa kudambo tasiya, ndikumweta udzu wa kumtunda.

Makadi a katemera abwana akuti sanapatsidwe. Dokotala wabaya amphongo awiriwo wa kafumbata ndi wa chiwewe, Duwa adikira achire. Wa African horse sickness akuti tikonzekere Juni, ndipo pakadali pano azilowa m'khola dzuwa lisanalowe. Neti ya kunazale ndagula, ndikukhoma mawa.

Anandiuzanso kuti ngati alipo ena oweta akavalo mbali ya Namadzi, Thondwe mpaka m'tauni, tigwirizane tsiku limodzi la katemera kuti mafuta tigawane, ndipo tsiku lomwelo angathe kupala mano ndi kutenga ndowe zokayeza njoka za m'mimba. Bambo a ku Jali, anati abulu anuwo angawaonenso ngati mungafike nawo pafupi. Amene muli nawo ndilembereni kumbali.

Funso lina latsala: ziboda za onse atatu zatalika, ndipo za mmodzi zikununkha pansi pake, pakutuluka zakuda. Alipo wodziwa kusenga ziboda kuno ku Zomba?

Mayi_wa_kuphiri anayankha:

Zakuda zonunkhazo ndi kuwola kwa pansi pa chiboda chifukwa choima m'matope ndi ndowe, nyengo ino sizisowa. Muzitukula phazi lililonse tsiku ndi tsiku, muchotse matope m'mizere iwiri ya m'mbali mwa kanyama kofewa ka pakati, mutsuke, muumitse, mupake ayodini. M'khola muchotse ndowe m'mawa ndi madzulo, muthire utuchi wouma, kumacheka a matabwa m'munsi mwa phiri umapezeka wambiri. Kusenga kumafunika pakatha masabata 6 mpaka 8, koma musayese ndi chikwanje. Alipo bambo wina amene ankatisengera kuphiri, ali ndi zida zake, amakhala cha ku Matawale. Ndiwafunsa kaye ngati akugwirabe ntchitoyi, akavomera ndikutumizirani nambala kumbali. Duwa yekha ayambe wapeza mphamvu, kuima ndi miyendo itatu kumamutopetsa kavalo wochepa magazi.